Mabodi Khumi ndi Awiri a Shalom

Indianapolis
3 Seputembala 2024

Wokondedwa mlongo wanga Ida,

Kapena ndizinena kuti a Dokotala, ngakhale pepalalo silinatuluke? Ndikhulupirira uli bwino ku South Bend, dziko lakutali lija limene munthu amayenda maola awiri ndi theka athunthu kuti akafikeko. Ife kuno tadzuka. Alamu ako Flora ndi kamwana kathu Melissa akupereka moni.

Usadabwe kulandira kalata ya papepala ngati tabwerera ku 1985. Foni yako ndayesa, koma amayankha ndi mzungu wamkazi wondiuza kuti ndisiye uthenga. Pa gulu la banja la pafoni unatulukapo. Ndiye Ababa akuti tigule masitampa, poti iwo sanaonepo munthu akubuloka envelopu.

Ndikukumbutse, mwina waiwala ndi kuchuluka kwa sayansi. Bambo ako anafika kuchokera ku Malawi pa 10 Ogasiti ndipo akukhala kwathu. Unabwera kudzawaona kamodzi. Unakhala maola awiri, ola limodzi linathera pa laputopu. Abwerera pa 27 Okutobala. Ife tikapita kuntchito iwo amakhala pakhonde kuonerera magalimoto a mu Lafayette Road ndi kudikira wa positi, amene tsopano ndi mnzawo wapamtima.

Lamlungu kutchalitchi amayi ena anawafunsa kuti mwana wawo wamkazi amagwira ntchito yanji. Munthu amene anaphunzitsa fizikisi kusekondale zaka makumi atatu ndi ziwiri anangoti kakasi. Ndinawapulumutsa ndine. Ndinakumbukira mawu a data acquisition amene unalemba pansi pa dzina lako, ndiye ndinati umapezera anthu deta. Amayiwo anasangalala kwambiri. Akuti uwapezereko ya mwezi wonse, foni yawo imawathera msanga.

Ababa sanaseke. Akuti uwalembere kalata, m'Chichewa, yofotokoza ntchito yakoyo moti mwana wa Fomu 2 amve. Akutinso usachite mantha, sakupempha ndalama. Akungofuna kudziwa chimene chinawalanda mwana.

Utiuzenso tsiku limene ubwere.

Ndine mlongo wako wosapita patali ndi sukulu,
Edmond

South Bend
8 Seputembala 2024

Okondedwa Ababa,

Ndikupereka moni ndi ulemu wonse. Ine ndili bwino, kaya inu ndi nyengo yakunoyi? Achimwene nawonso alandire moni, ndipo ndikuwathokoza pondilengeza kutchalitchi ngati wogulitsa mayunitsi.

Ntchito yanga ndi iyi. Kuchokera kumwamba kumagwa tinthu tosaoneka totchedwa mamyuoni. Timapyola denga, konkire, chilichonse. M'mutu mwa achimwene timadutsa osakumana ndi chopinga chilichonse. M'chipinda chathu chapansi pa yunivesite tili ndi dithekita yaing'ono, makina ozindikira tinthuti: matabwa awiri a pulasitiki yapadera, lililonse masentimita makumi atatu mbali zonse, lina pamwamba pa linzake. Myuoni ikadutsa, pulasitikiyo imaphethira kuwala pang'ono. Kachipangizo kena kamasandutsa kuwalako kukhala kamphamvu ka magetsi. Kamphamvuko kamayenda m'waya kukafika pa bodi ya zamagetsi, bodi imakayeza n'kukasandutsa manambala, kompyuta n'kusunga manambalawo. Ulendo wonsewu, kuchokera pa kuwala kukafika pa kompyuta, ndiye data acquisition. Ife timangoti DAQ.

Vuto ndi loti mawaya sakhala chete. Mumakhala timphamvu tachabechabe timene timatcha phokoso. Tikati tisunge zonse, kompyuta idzaza lisanafike dzuwa la masana. Ndiye pali mbali ina yotchedwa thiriga, imene imasankha zosunga. Ili ndi malamulo awiri. Loyamba, kamphamvu kapitirire malire amene taika, omwe timawatcha thireshodi. Lachiwiri, matabwa onse awiri aphethire nthawi imodzi. Zikatero thiriga imavomera, ndipo chimene chasungidwacho timachitcha iventi. Chimene yakana chapita, sichibwereranso.

Pamene bodi ikuwerenga iventi imodzi, imakhala yogontha kwa kanthawi kochepa, moti myuoni ina ikadutsa siiona. Kanthawi kameneko ndi dedi taimu. Pofuna kukachepetsa, manambala amayamba adikirira m'malo otchedwa bafa. Achimwene asaseke, si yosambiramo.

Tsopano chifukwa chimene sindikubwerera. Tili ndi mabodi atsopano khumi ndi awiri amene akuyenera kutumizidwa ku dithekita yaikulu ya gulu lathu. Anawalumikiza ndi Shalom Nyirenda, mayi wakwathu amene amagwira ntchito ya zamagetsi m'dipatimenti mwathu. Timapemphera tchalitchi chimodzi. Bodi iliyonse ndimaiyesa masiku awiri osazimitsa, chimene timatcha rani, ndipo ndimayenera kukhalapo m'mawa ndi madzulo. Ndinayamba pa 26 Ogasiti, nditsiriza pa 18 mwezi uno.

Zotsatira sizili bwino. Bodi yakale mu Julayi inkatipatsa maiventi pafupifupi mazana asanu pa mphindi. Mabodi a Shalom akungopereka makumi asanu ndi anayi. Asanu ndi awiri amene ndayesa kale onse ndi chimodzimodzi. Akutaya mamyuoni ambiri. Ndine ndazindikira zimenezi, ndipo Pulofesa Brandt, amene amandiyang'anira, akuti ndidzafotokoze pa msonkhano wa gulu lonse mu Novembala. Shalom ndimamumvera chisoni chifukwa kontirakiti yake ikutha mu Okutobala, koma manambala alibe chibale.

Mwaona tsono, Ababa, sindikukuthawani. Si ntchito yongokhala pampando kuonerera ma TV a m'chipatala ngati ya anthu ena.

Ndine mwana wanu,
Ida

Indianapolis
12 Seputembala 2024

Mwana wanga Ida,

Moni. Kalata yako ndalandira, ndaiwerenga katatu, ndipo ndikukubwezera momwemu. Usadandaule ndi inki yofiirayo, cholembera china ndinalibe.

Ndakupatsa 4 pa 10.

Malikisi awiri ndi a Chichewa, chifukwa ndimayesa chinatha. Imodzi ndi ya kufotokoza dedi taimu, ndamva bwino. Ina ndi ya mutu wa Edmond, poti pamenepo wanena zimene ine ndakhala ndikuziona kuyambira ali Sitandade 1.

Malikisi asanu ndi limodzi wataya pa funso limodzi. Ukuti bodi yakale inkapereka mazana asanu mu Julayi, atsopano akupereka makumi asanu ndi anayi mu Seputembala. Pakati pa Julayi ndi Seputembala pali Ogasiti yense. Kodi unasintha chinthu chimodzi chokha? Unayamba wabwezerapo bodi yakale ija tsiku lomwelo, pa mawaya omwewo, kuti uone ngati mazana asanu aja abwerera? M'kalata yako sindikuona pamene wanena zimenezo.

Chinanso chikundidabwitsa. Munthu wolumikiza zinthu ndi manja akalakwitsa, amalakwitsa mosiyanasiyana: pena pang'ono, pena kwambiri, pena amakhoza mwangozi. Mayi Nyirenda awa ndi katswiri wotani amene walakwitsa kasanu ndi kawiri mofanana ndendende? Munthu wotere ndi wofunika kumukweza pantchito.

Ndipo poti thiriga yakoyo imataya zinthu osabwereranso, ukudziwa bwanji kuti zimene ikutayazo ndi phokoso lokhalokha? Unazionapo?

Awa ndi mafunso a Fomu 1. Ndikudziwa kuti a ku yunivesite ya ku Amereka anawapitirira kalekale. Ungondipirira, ndine nkhalamba ya choko.

Bambo ako,
L. Gwaza

Ida, ndine Edmond, Ababa andisiyira kampata pansi pano. Ma TV amene ndimaonerera aja amaonetsa mitima ya odwala makumi atatu. Nawonso ali ndi malire ngati thireshodi yakoyo. Alamu ikamalira kwambiri, munthu wotopa amakweza malire kuti apume, kenako n'kuiwala kubwezera. Wobwera pambuyo pake amasangalala kuti wodi yonse yachira. Ine wodi ikakhala zii ndi pamene ndimadzuka pampando paja. Koma ndikudziwa chiyani ine, wa ma TV.

South Bend
16 Seputembala 2024

Ababa,

Moni. Zikomo chifukwa cha malikisi, ndawapachika pakhoma pafupi ndi madigiri anga awiri kuti ndisadzikweze.

Ndakhala pa dithekita imeneyi zaka zitatu. Pulofesa aona manambala anga, anzanga awaona, palibe wafunsa za Fomu 1. Shalom yekha ndiye akulimbikira zobwezera bodi yakale, ndipo chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Kuchotsa bodi pakati pa rani ndi kutaya masiku awiri, ndipo masiku ndilibe.

Ndinena mwaulemu. Fizikisi imene munkaphunzitsa inu inali ya pabolodi. Munajambula osilosikopu, makina oonera mafunde a magetsi aja, ndi choko zaka makumi atatu, koma simunaionepo ikuyaka. Ine ndimagwira zinthu zenizeni. Munandipempha kuti ndikufotokozereni, osati mundiyese mayeso.

Achimwene auzeni kuti myuoni si wodwala wa BP.

Ida

Indianapolis
30 Seputembala 2024

A Dokotala,

Moni, ngati moni amaloledwa kufika kumene muliko. Ife tili moyo.

Rani yanu ija inatha pa 18. Ndinaika chizindikiro pa kalendala, Flora anagula nkhuku ziwiri, Melissa anajambula chithunzi cha azakhali ake atavala chijasi choyera. Lero ndi pa 30. Nkhukuzo tinadya, musadandaule.

Ndikuuze zimene kalata yako inachita, poti iwe umakonda zotsatira. Ababa anaiwerenga pakhonde. Anatenga cholembera chofiira chija, anachotsa chivundikiro, kenako anachibwezera. Anaipinda kalatayo n'kuiika m'thumba la jekete. Tsiku limenelo sanadye masana. Melissa atawafunsa mu Chingerezi chake chija kuti agogo mwakwiya, anayankha kuti ayi, azakhali ako anena zoona.

Ine ndakula nawo bambowa. Ndawaonapo akukangana ndi ahedi, abusa, ngakhale dokotala amene ankawachiza amayi malemu. Sindinawamvepo akunena kuti munthu wina wanena zoona. Wakwanitsa, mlongo wanga. Uonjezere pa madigiri aja.

Kwa wa positi amapitabe tsiku lililonse. Amabwerako ndi mapepala otsatsa pitsa, n'kuwawerenga mpaka kumapeto.

Dzulo anandifunsa ngati tikiti ingasinthidwe kuti apite msanga. Akuti nyemba zawo ku Balaka zikufuna munthu. Ku Balaka kulibe nyemba mu Okutobala, ndipo iwo sanalimepo nyemba chibadwire. Ndawauza kuti ndifufuza. Ndikhoza kufufuza pang'onopang'ono kwa sabata imodzi, osapitirira apo.

Sindikukupempha kuti upepese, ndikudziwa kuti ku yunivesite kulibe kosi imeneyo. Ungobwera, udzakhale pakhonde, laputopu uisiye m'galimoto.

Edmond

South Bend
3 Okutobala 2024

Achimwene,

Kalata iyi ndi yanu nokha. Chonde Ababa asaione.

Sindinakhale chete chifukwa chodzimva. Lipoti langa ndinatumiza pa 20 Seputembala kwa anthu makumi anayi a m'gulu lathu. Ndinalemba kuti mabodi onse khumi ndi awiri ndi olephera. Pulofesa anamuitana Shalom mu ofesi, ndipo Shalomyo anatuluka maso ali ofiira.

Lachisanu lapitali ndinati ndibwezere bodi yakale ija, ndijambule manambala, ndiwatumizire Ababa kuti nkhani ithe. Ndinailumikiza, ndinayatsa, ndinadikira mphindi imodzi. Makumi asanu ndi anayi mphambu ziwiri. Ndinadikira ina. Makumi asanu ndi atatu mphambu zisanu ndi zitatu.

Ndinatsegula fayilo imene timasetera makina. Thireshodi imayenera kukhala 30. Inali 120. Ndipo pambali pake panali dzina la amene anasintha, ndi tsiku lake: Ida, 21 Ogasiti. Ndinakumbukira. Tsiku limenelo amisiri ankaboola khoma m'chipinda choyandikana nafe, makina awo ankadzaza phokoso m'mawaya athu, thiriga inkangovomera chilichonse. Ndinakweza malire kuti ndione bwino, ndikuti ndibwezera akamaliza. Kenako ndinathamangira kwanu kudzaona Ababa, maola awiri aja. Nditabwerako ndinaiwala.

Nditabwezera pa 30, bodi yakale inapereka mazana asanu. Ndinaika bodi ya Shalom. Mazana asanu ndi khumi. Mabodi ake ndi abwino kuposa akale. Masiku makumi awiri ndi anayi thiriga yanga yakhala ikutaya mamyuoni abwinobwino, ndipo deta imeneyo kulibe kumene ndingakaitole.

Inde, munanena. Musavutike kundikumbutsa, ndikudzikumbutsa ndekha ola lililonse.

Palibe wina akudziwa. Fayilo ija amaitsegula ndine ndekha. Ndikhoza kunena kuti ndapeza njira yatsopano yosetera makina imene yawadzutsa mabodiwo, anthu n'kundiombera m'manja kachiwiri. Koma zimenezo zimafuna masabata atatu oyesanso, ndipo za kontirakiti ya Shalom agamula pa 15. Ali ndi ana awiri. Lamlungu anakhala mzere wakutsogolo kwanga kutchalitchi, ine ndinatuluka nyimbo yomaliza isanathe.

Ndikanena zoona, msonkhano wa Novembala wapita, ndipo sindikudziwa ngati Pulofesa adzandikhulupirirenso. Zaka zisanu, achimwene. Ndichite chiyani? Ndipo ndingawayang'ane bwanji Ababa?

Ida

Indianapolis
7 Okutobala 2024

Mwana wanga,

Moni. Ukafuna kuti kalata isaonedwe ndi bambo ako, usamalembe Mr Gwaza pa envelopu, m'nyumba imene a Gwaza aakulu ndi amene amatenga makalata. Ndinazindikira kuti si yanga pa mzere wachiwiri. Ndinapitiriza.

Unandilembera kuti sindinaonepo osilosikopu ikuyaka. Unanena zoona. Ndinaiona ikufuka.

Mu 1993 sukulu yathu inalandira imodzi, mphatso yochokera kunja. Inafika Lachinayi. Ahedi anati isakhudzidwe mpaka abwere woidziwa. Ine, mkulu wa sayansi, sindikanadikira munthu wina kuti adzandiphunzitse. Nthawi ya chakudya chamasana ndinalowa mu labu ndekha n'kuilumikiza kukhoma. Sindinawerenge kachitsulo kakumbuyo kolembedwa 110. Magetsi akwathu ukuwadziwa, ndi a 230. Inalira kamodzi, utsi unatuluka, fungo linadzaza chipinda. Ndinatsegula mawindo, ndinaibwezera m'katoni, ndinapita kukaphunzitsa Fomu 3.

Makiyi a labu ankasunga ndi a Yohane Mbendera, amene ankatikonzera zipangizo. Anali ndi mkazi ndi ana atatu. Ahedi atafunsa, ine sindinaname. Sindinanene kuti ndi a Yohane. Ndinangokhala chete, ndipo chetecho chinagwira ntchito bwino kwambiri. Anawachotsa kumapeto kwa mwezi. Ndinkati ndikanena sabata yamawa zinthu zikazizira. Sabata yamawa ija yakwanitsa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Amayi ako anamwalira osadziwa. Iwe ndiwe woyamba.

Ndiye pamene unkaganiza kuti ndakwiya ndi mwano wako, sunali mwano umene unandidwalitsa. Mwano ndinakuphunzitsa ndine.

Njira yako yatsopano yosetera makina ija ndi yanzeru. Igwira ntchito, ndikukutsimikizira, ndine mboni. Udzalandira digiri, udzaphunzitsa, anthu adzakulemekeza. Ndipo tsiku lililonse ukadzaona kachipangizo kako kakuphethira udzaona nkhope ya mayi Nyirenda. Ine ndinkaijambula ndi choko osilosikopu ija chaka chilichonse, n'kumaona nkhope ya a Yohane.

Sindikuuza chochita, uli ndi madigiri awiri. Tikiti sindisintha. Edmond wandigulira ya basi, ndifika ku South Bend Lachinayi masana. Ukandichingamire. Ndikufuna ndidzaione thiriga imeneyi ndi maso anga.

Bambo ako,
L. Gwaza

South Bend
17 Okutobala 2024

Achimwene,

Moni kwa inu, alamu ndi Melissa. Bambo anu ali bwino. Mukawafuna bwerani mudzawatenge, dziko lakutali lija ndi maola awiri ndi theka okha.

Ndinapita kwa Pulofesa Lachitatu, Ababa asanafike. Musanditamande. Ndinangoona kuti kuyang'anizana ndi Pulofesa n'kopepuka kusiyana ndi kukawachingamira Ababa ndilibe chonena. Ndinawaonetsa fayilo ija. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Deta yatayika, imeneyo sitilira, mamyuoni agwanso mawa. Koma lipoti lako linapita kwa anthu makumi anayi. Ulembere anthu omwewo lero, dzina la Shalom likhale pamzere woyamba, lako pa wachiwiri."

Ndinalemba. Msonkhano wa Novembala akafotokoza ndi munthu wina. Kumaliza kwanga kwasunthidwa kuchoka mu Meyi kupita Disembala chaka chamawa. Kwa miyezi itatu, chilichonse chimene ndaseta azichiona kaye mnzanga wa chaka choyamba, amene ndinamuphunzitsa ndine kugwira waya.

Kwa Shalom ndinapita ndekha ku benchi yake. Sanaike pansi chimene anagwira. Anati, "Ndinakupempha katatu kuti tiyese bodi yakale. Kachitatu unandiyankha kuti aliyense azigwira zimene anaphunzira." Ndinati pepani. Anati, "Ana anga ndinawauza kale kuti mwina tisamuka. Pepani wakoyo ndikawapatsa, aone chochita naye." Kontirakiti yake aionjezera chaka. Tsopano amandipatsa moni mu Chingerezi.

Koma Ababa ndiye amawapatsa m'Chichewa, mpaka kuwatengera mandasi. Anawalembetsa ngati mlendo, anawapatsa kabaji, ndipo amafika mu labu ine ndisanavule jekete. Tsiku loyamba anaima kutsogolo kwa osilosikopu yathu mphindi khumi, manja ali kumbuyo. Shalom anawauza kuti akhoza kuigwira. Anayamba aitembenuza kuti awerenge kumbuyo.

Pali kanyali kamene kamaphethira thiriga ikavomera. Anayesa kukawerenga ndi wotchi yawo yapamkono, anafika pa makumi anayi n'kusokonezeka, ndipo anagamula kuti makinawo ndi odzionetsera. Dzulo anawafunsa Pulofesa chifukwa chimene makina anzeru chonchi satchula okha malire awo rani isanayambe, ngati mwana wonena dzina lake asanalembe mayeso. Pulofesa anandiyang'ana ine. Ndathera tsiku la lero kulemba zimenezo mu pulogalamu.

Mabodi anayi tayesanso kale, onse akhoza. Loweruka likudzali ndibwera nawo Ababa ndekha, tidzagona konko mpaka tsiku la ndege. Uzani alamu kuti nkhuku ndigula ine.

Mlongo wanu,
Ida

Balaka
18 Novembala 2024

Ana anga Edmond ndi Ida,

Moni nonse. Ndalemba kalata imodzi kuti muzibwerekana, mwina mungamaonane. Ndinafika bwino. Kuno kukutentha, mvula yangowaza kamodzi.

A Yohane Mbendera ndawapeza. Sizinavute, zaka zonsezi ndimadziwa kumene ali, ndimangodzera njira ina. Ali ndi kabenchi kumsika, amakonza mawailesi ndi mafoni. Tsitsi lonse layera. Ndinavala jekete ndi tayi, kutentha konseku.

Ndinawapeza ataweramira kafoni kotsegula, chitsulo chowotchera chili m'manja. Ndinapereka moni, anayankha osadzutsa mutu. Ndinayamba kufotokoza zonse, kuyambira Lachinayi lija. Mawu amene ndinakonza m'ndege anathawa, ndinangonena mmene zinabwerera. Anthu awiri amene ankadikira mafoni awo anamva zonse, ndipo mmodzi ndinamuphunzitsapo.

Nditamaliza anati, "Aphunzitsi, ndinakuonani tsiku lomwelo mukutsegula mawindo. Ndinali pa mpopi."

Ndinafunsa kuti nanga bwanji simunanene.

Anati, "Akanamvera ndani, wa makiyi kapena wa tayi? Ndinkadikira kuti munene nokha. Mwachedwerapo pang'ono."

Ndinati ndabwera kudzapepesa, ndipo ngati pali chimene ndingachite anene. Anapitiriza kulumikiza kawaya kake, ine ndili chiimire, thukuta likutsikira m'kolala. Patapita nthawi anati, "Mwamaliza?"

Ndinati eya.

Anati, "Ndiye tasunthani pang'ono, mukunditchingira kuwala."

Ndinasuntha. Pambali panali kabenchi ka makasitomala, ndinakhala pamenepo mpaka anatseka. Sanandithamangitse, sanandilankhulenso.

Lachisanu ndipitakonso.

Bambo wanu,
L. Gwaza